Zotsatira za zisankho za makhonsolo a ku London: momwe tingaziwerengere, potengera zimene zinachitika mu 2022

M'bandakucha wa Lachisanu pa 6 Meyi 2022, mawailesi ndi makanema a ku Britain anadzaza ndi nkhani yakuti chipani cha Labour chalanda khonsolo ya Wandsworth, imene chipani cha Conservative chinakhala chikulamulira kuyambira 1978. Pasanathe maola ambiri kunamvekanso kuti khonsolo ya Westminster nayo yapita m'manja mwa Labour, ngakhale kuti Conservative inali isanagonjepo kumeneko chikhazikitsireni khonsoloyo mu 1964. Anthu athu amene amakhala ku London, pamodzi ndi abale awo amene ankatsatira nkhaniyi ali kumudzi, anali ndi mafunso omveka bwino. Kodi boma la Britain lasintha? Kodi Sadiq Khan, meya wa London, zamukhudza? Nanga zinatheka bwanji kuti ku Croydon chipani cha Labour chipeze makhansala ambiri kuposa chipani china chilichonse, koma woyendetsa khonsolo n'kukhala wa Conservative?

Mafunso awiri oyambawo yankho lake ndi lalifupi. Boma silinasinthe chifukwa aphungu a nyumba ya malamulo sankasankhidwa tsiku limenelo, ndipo Sadiq Khan sanali pa pepala lovotera chifukwa udindo wake uli ndi chisankho chakechake. Funso lachitatu ndi limene lili ndi nkhani, pakuti zotsatira za chisankho cha khonsolo zimabisa zinthu zitatu zosiyana mkati mwake: kuchuluka kwa mavoti, kuchuluka kwa mipando, ndi amene watenga mphamvu zoyendetsera khonsolo. Zinthu zitatuzi nthawi zambiri zimayendera limodzi, koma si nthawi zonse, ndipo munthu amene sazisiyanitsa amangoona manambala popanda kumva chimene akunena.

Kodi borough ndi chiyani?

Mzinda wa London ndi waukulu kwambiri moti sungayendetsedwe ndi khonsolo imodzi monga momwe zilili ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Lamulo la nyumba ya malamulo la mu 1963 linaugawa m'zigawo 32, ndipo chigawo chilichonse chimatchedwa borough, mawu amene tingawamasulire kuti dera la m'tauni lokhala ndi khonsolo yakeyake. Zisankho zoyamba za makhonsolo amenewa zinachitika mu 1964, ndipo anayamba kugwira ntchito pa 1 Epulo 1965. Pakatikati pa mzindawu pali kadera kakang'ono kakale kotchedwa City of London, komwe kuli mabanki akuluakulu, ndipo kali ndi dongosolo lake la ulamuliro losiyana ndi la maborough 32 aja.

Pamwamba pa zonsezi pali meya wa London yense, udindo umene unayamba mu 2000. Iye amayang'anira mabasi, sitima zapansi pa nthaka, apolisi ndi ozimitsa moto, koma si bwana wa makhonsolo a maborough. Ntchito zimene zimakhudza khomo la munthu tsiku ndi tsiku zili m'manja mwa borough: kutola zinyalala, kukonza misewu ing'onoing'ono, kugawa malo a ana m'sukulu za boma, kupereka zilolezo zomangira nyumba, kusamalira nyumba za khonsolo, kuthandiza mabanja osowa pokhala, kuteteza ana amene ali pa chiopsezo, komanso kulipira chisamaliro cha okalamba ndi anthu a ulumali. Maborough ambiri ali ndi anthu oposa 200,000, ndipo Croydon ndi Barnet ali ndi anthu oyandikira 400,000 aliyense, kotero khonsolo iliyonse imagwira ndalama zochuluka zedi pa chaka.

Mawu akuti borough amapezekanso kunja kwa London, ndipo apa ndi pamene ena amasokonezeka. M'madera ambiri a England makhansala sasankhidwa onse nthawi imodzi, koma gawo limodzi mwa magawo atatu chaka chilichonse kwa zaka zitatu, chaka chachinayi n'kupuma. Kumeneko chipani chikhoza kugonja m'mawodi ambiri tsiku la chisankho koma n'kupitirizabe kulamulira, chifukwa makhansala ake ena sanali pa mpikisano. Ku London sizili choncho. Mipando yonse imapikisanidwa tsiku limodzi, kamodzi pa zaka zinayi, monga zinachitikira mu 2014, 2018 ndi 2022, ndipo n'chifukwa chake khonsolo ikhoza kusintha manja usiku umodzi.

Momwe voti imasandukira mpando

Borough iliyonse imagawidwa m'mawodi, monga momwe makhonsolo a ku Malawi alili. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu wodi imodzi imasankha khansala mmodzi, pamene ku London mawodi ambiri amasankha makhansala awiri kapena atatu. Wovota wa m'wodi ya makhansala atatu amaloledwa kuchonga mayina atatu pa pepala limodzi, ndipo opikisana atatu amene apeza mavoti ambiri ndiwo amapambana. Palibe lamulo lakuti wopambana adutse theka la mavoti onse. Ndi njira yomweyi imene timasankhira aphungu ndi makhansala ku Malawi, yakuti amene watsogola ngakhale ndi voti imodzi ndiye watenga mpando, kungoti kuno mipando ndi ingapo pa mpikisano umodzi.

Zotsatira za njira imeneyi zimaoneka bwino tikayerekeza wodi ina, ndi manambala ongopeka pofuna kufotokoza. Tinene kuti mwa ovota 100 aliwonse, 42 akonda chipani choyamba, 38 chachiwiri ndipo 20 chachitatu. Anthu ambiri amachonga mayina onse atatu a chipani chimodzi, choncho opikisana atatu a chipani choyamba aja adzapeza mavoti pafupifupi 42 aliyense, ndipo onse atatu adzapambana. Anthu 58 otsalawo, omwe ndi ambiri ndithu, sadzakhala ndi khansala wa kumtima kwawo ngakhale mmodzi. Zimenezi zikabwerezedwa m'mawodi onse a borough, chipani chimene chatsogola pang'ono paliponse chimakolola pafupifupi mipando yonse.

Umu ndi momwe zinakhalira mu 2022 ku Barking and Dagenham, kumene Labour inatenga mipando yonse 51, ndiponso ku Lewisham, kumene inatenga yonse 54. Sizitanthauza kuti m'maderawa munalibe munthu wovotera zipani zina. Anthu oterowo analipo zikwi zambiri, koma panalibe wodi imene anatsogola. Ku Richmond upon Thames zinali chimodzimodzi kumbali ya Liberal Democrats, amene anatenga mipando 48 mwa 54. Ochirikiza njirayi amati imapereka ulamuliro wokhazikika ndipo wovota amadziwa woti amufunse zinthu zikalakwika. Oitsutsa amati khonsolo yopanda mbali yotsutsa imasowa woidzudzula, ndipo amaloza ku Scotland, kumene kuyambira 2007 makhansala amasankhidwa m'njira yogawa mipando molingana ndi mavoti. Mtsutso umenewu ndi wakale ndipo mbali zonse zili ndi mfundo zogwira mtima.

Chinthu china chimene chimadabwitsa n'chakuti chipani chikhoza kupeza mavoti ambiri m'borough yonse koma mipando yochepa. Zinachitika ku Wandsworth komweko mu 2018, pamene Labour inaposa Conservative pang'ono pa mavoti onse, koma Conservative inapeza mipando 33, Labour 26, ndi woyima payekha mmodzi. Mavoti a Labour anaunjikana m'mawodi amene inali yamphamvu kale, pamene a Conservative anamwazika bwino moti anakwanira kutsogola m'mawodi ambiri. Voti yowonjezera m'wodi imene mwapambana kale siwonjezera mpando, monga momwe madzi othira mumtsuko wodzaza kale amangotayikira pansi.

Malire a mawodi nawo amasintha. Bungwe loyima palokha lotchedwa Local Government Boundary Commission for England limawaunikanso nthawi ndi nthawi kuti khansala aliyense aziyimira anthu ochuluka mofanana. Chisankho cha 2022 chisanachitike maborough ambiri anadulidwa malire atsopano, ndipo Wandsworth inatsika kuchoka pa mipando 60 kufika pa 58, pamene Westminster inachoka pa 60 kufika pa 54. Choncho munthu akayerekeza manambala a 2018 ndi a 2022 popanda kukumbukira zimenezi, akhoza kunena kuti chipani chataya mipando imene kwenikweni inangofafanizidwa.

Usiku wowerenga mavoti

Ku Britain zisankho zimachitika Lachinayi, ndipo malo ovotera amatsegulidwa 7 koloko m'mawa mpaka 10 koloko usiku. Si tsiku la tchuthi. Anthu amavota popita ku ntchito kapena pochokera, ndipo ena ambiri amakhala atavota kale kudzera pa positi. Mavoti sawerengedwa pamalo ovotera monga timachitira kwathu. Mabokosi onse amamatidwa ndi kunyamulidwa kupita ku holo imodzi yaikulu, kawirikawiri ya zamasewero kapena ya khonsolo, kumene kumakhala mizere ya matebulo, owerenga atakhala mbali imodzi ndipo oyimira zipani ataimirira mbali inayo, akuyang'anitsitsa pepala lililonse koma osaloledwa kuligwira.

Poyamba owerenga amangotsimikiza kuti mapepala a m'bokosi akufanana ndi chiwerengero cha amene anaperekedwa pamalo ovotera. Kenaka amapatula mapepala amene achonga chipani chimodzi chokha, chifukwa amenewo savuta kuwamanga m'mitolo. Ntchito yaikulu ili pa mapepala osakaniza, pamene wovota wapatsa voti imodzi khansala wa chipani china amene amamudziwa, ina wa chipani china, ndipo yachitatu waisiya. Mapepala otere amawerengedwa limodzilimodzi, ndipo m'mawodi amene mpikisano uli wa mtima bii, ndiwo amagamula amene atenge mpando wachitatu. N'chifukwa chake mumapeza wodi imodzi yatulutsa makhansala awiri a chipani china ndi mmodzi wa chipani china.

Woyang'anira zonse ndi mkulu wa chisankho wa m'borough momwemo, amene kawirikawiri amakhala mkulu wa ogwira ntchito pa khonsolo, ndipo ndi iye amene amaima pa nsanja kulengeza wodi iliyonse payokha. Bungwe la zisankho la dziko lonse, Electoral Commission, limapereka malangizo ndi kuyang'anira ndalama za zipani, koma silisonkhanitsa zotsatira ndi kuzilengeza pamodzi monga bungwe la zisankho la ku Malawi, MEC, limachitira. Wopikisana amene watsalira ndi mavoti ochepa akhoza kupempha kuti awerengenso, ndipo ngati awiri afanana ndendende, lamulo limalola kuchita mayere.

Mawu amene amaoneka pa zotsatira

Zotsatira zikamatuluka pa kanema kapena pa intaneti, pambali pa dzina la khonsolo pamalembedwa mawu ochepa a Chingerezi amene ndi bwino kuwadziwa. Mawu akuti hold amatanthauza kuti chipani chimene chinkalamulira chasunga khonsoloyo, pamene gain amatanthauza kuti chipani chalanda khonsolo imene sinali yake. Zilembo zakuti NOC, chidule cha no overall control, zimatanthauza kuti palibe chipani chimene chapeza mipando yopitirira theka.

Mzere wa theka umenewu ndiwo mtima wa nkhani yonse. Khonsolo ya mipando 58 imafuna makhansala 30 kuti chipani chilamulire chokha, ndipo Labour ku Wandsworth inapeza 35, Conservative 22, woyima payekha mmodzi. Ku Westminster zinali 31 kwa 23, ku Barnet 41 kwa 22, ndipo ku Harrow zinatembenukira mbali ina, Conservative n'kulanda khonsoloyo kwa Labour ndi mipando 31 kwa 24. Pamapeto pake, mwa maborough 32, Labour inalamulira 21, Conservative 5, Liberal Democrats 3, chipani cha m'dera chotchedwa Aspire chinatenga Tower Hamlets, ndipo Croydon ndi Havering zinatsala zopanda chipani chodutsa theka.

Zikatere, m'maborough ambiri makhansala onse amakumana pa msonkhano wapachaka patangopita masabata ochepa, n'kusankha mtsogoleri wa khonsolo, yemwe amasankha nduna zake zosapitirira zisanu ndi zinayi zoyang'anira nyumba, chuma, ana, okalamba ndi zina. Ku Wandsworth udindowu unachoka kwa Ravi Govindia kupita kwa Simon Hogg, ndipo ku Westminster unapita kwa Adam Hug. Pa msonkhano womwewo amasankhanso meya wovala mkanjo ndi unyolo wa pakhosi, koma ameneyu ndi waulemu chabe, wotsogolera zokambirana ndi kutsegulira zochitika, ndipo alibe mphamvu pa ndalama. Kumene kulibe chipani chodutsa theka, magulu amakambirana mpaka atagwirizana. Ku Havering mu 2022 gulu la mabungwe a anthu okhala m'deralo linagwirizana ndi Labour ndipo linatenga utsogoleri, ngakhale kuti Conservative inali ndi makhansala ambiri kuposa gulu lililonse palokha.

Chifukwa chiyani makhonsolo ena anasintha manja

Apa m'pofunika kusamala, chifukwa pepala lovotera silinena chifukwa chimene munthu wachongera dzina. Chimene tingachite ndi kutchula zinthu zimene zinali pakamwa pa anthu nthawi imeneyo. Mwezi wa Epulo 2022 apolisi anali atalipiritsa chindapusa nduna yaikulu Boris Johnson, wa chipani cha Conservative, chifukwa cha phwando limene linachitika ku Downing Street, kumene kuli ofesi ya nduna yaikulu, pa nthawi ya ziletso za Covid, ndipo mitengo ya magetsi, gasi ndi zakudya inali ikukwera mofulumira. Anthu ambiri amagwiritsa ntchito chisankho cha khonsolo potumiza uthenga kwa boma la dziko lonse, ndipo makhansala amalangidwa kapena kupindula ndi zinthu zimene sanachite iwo. Johnson analengeza zotula pansi udindo mu Julayi chaka chomwecho, ngakhale kuti zimene zinamugwetsa zinali zambiri kuposa zisankho zimenezi.

Komabe mphepo ya dziko lonse siifotokoza zonse, pakuti ikanakhala yokhayo, Harrow sikanapita kwa Conservative tsiku lomwe Wandsworth inkachoka m'manja mwawo. Wandsworth inatchuka kwa zaka zambiri ngati chitsanzo cha ulamuliro wa Conservative, wa msonkho wotsika ndi wopereka ntchito za khonsolo kwa makampani, ndipo inkatchedwa khonsolo ya pamtima pa Margaret Thatcher, nduna yaikulu yakale ya chipanicho. Koma anthu okhalamo anali akusintha pang'onopang'ono, moti pofika 2019 aphungu onse atatu a deralo, a Battersea, Putney ndi Tooting, anali a Labour. Labour nayo inalonjeza kuti sidzakweza msonkho umene anthu anauzolowera. Ku Westminster kunali nkhani ya phiri lochita kupanga pafupi ndi chipilala chotchuka cha Marble Arch, limene khonsolo inamanga mu 2021 pofuna kukopa alendo, ndipo linadya mapaundi pafupifupi 6 miliyoni, ndalama zoposa kwambiri zimene zinakonzedwa poyamba. Mwa kuona kwanga, amene amafotokoza zotsatira za borough ndi chifukwa chimodzi chokha amakhala akusiya zambiri, chifukwa wodi iliyonse ili ndi madandaulo ake a misewu, nyumba ndi zinyalala amene sakafika m'nyuzipepala zazikulu.

Croydon: pamene mipando ndi mphamvu zinasiyana njira

Maborough asanu a ku London, omwe ndi Croydon, Hackney, Lewisham, Newham ndi Tower Hamlets, amayendetsedwa mosiyana ndi enawo. Kumeneko anthu amalandira mapepala awiri, lina la makhansala ndi lina la meya wosankhidwa mwachindunji, ndipo meya ameneyu ndiye amagwira mphamvu zoyendetsera khonsolo kwa zaka zinayi. Makhansala sangamuchotse ndi voti yawo monga angachotsere mtsogoleri wa khonsolo. Izi zikusiyana ndi mizinda ya ku Malawi, kumene meya amasankhidwa ndi makhansala anzake.

Croydon inalowa m'dongosolo limeneli pa nthawi ya mavuto a zachuma. Mu Novembala 2020, khonsoloyo ili m'manja mwa Labour, mkulu woona za chuma anatulutsa chidziwitso chotchedwa section 114, chimene lamulo la mu 1988 limamukakamiza kutulutsa akaona kuti ndalama zolowa sizingakwanire zotuluka. Khonsolo ku England siloledwa kukonza bajeti yoperewera, ndipo chidziwitsochi chikatuluka, kugula kulikonse kwatsopano kumaima kupatula pa ntchito zimene lamulo limalamula, monga kuteteza ana. Ngongole za Croydon zinali zitapitirira mapaundi 1 biliyoni, ndipo mbali ina inachokera ku kampani yomanga nyumba ya khonsoloyo yotchedwa Brick by Brick. Mu Okutobala 2021 anthu a m'deralo anavota pa riferendamu ndipo ambiri anasankha kuti azikhala ndi meya wodzisankhira okha.

Pa chisankho cha 2022, chimene kuwerenga kwake kunatenga masiku angapo, mipando 70 inagawika motere: Labour 34, Conservative 33, chipani cha Green 2, ndi Liberal Democrats mmodzi. Palibe amene anafika pa 36. Koma pa pepala la meya, Jason Perry wa Conservative anaposa Val Shawcross wa Labour ndi mavoti osakwana 600, m'borough ya anthu pafupifupi 400,000. Nthawi imeneyo wovota ankaloledwa kusonyeza munthu woyamba ndi wachiwiri amene akumufuna, ndipo mavoti achiwiriwo ankawonjezedwa kwa opikisana awiri otsogola. Lamulo la zisankho la mu 2022 linathetsa njirayi pa zisankho za mameya zotsatira. Motero yankho la funso lija ndi lakuti Labour inatsogola pa mipando, koma mphamvu zoyendetsera khonsolo sizinali pa mipando.

Makhansala m'dongosolo lotere sakhala opanda ntchito. Amafufuza zochita za meya kudzera m'makomiti, amagamula za zilolezo zomangira nyumba, ndipo bajeti imadutsa m'manja mwawo, ngakhale kuti pofuna kuisintha motsutsana ndi meya pamafunika magawo awiri mwa atatu a makhansala. Kulemera kwa nkhaniyi kunaoneka mu 2023, khonsoloyo itatulutsanso chidziwitso china cha section 114 mu Novembala 2022, pamene boma linailola kukweza msonkho ndi pafupifupi 15 pa 100 aliwonse, katatu kuposa malire a makhonsolo ena chaka chimenecho.

Ku Tower Hamlets nkhani inali ina. Lutfur Rahman, amene khoti loweruza milandu ya zisankho linamuchotsa pa umeya mu 2015 litapeza kuti chisankho chake cha 2014 chinali ndi zachinyengo, ndipo linamuletsa kupikisana kwa zaka zisanu, anabwereranso mu 2022 n'kupambana umeya, chipani chake cha Aspire n'kutenga mipando 24 mwa 45. Mlandu wa 2015 uja unayambitsidwa ndi ovota anayi wamba, ndipo umasonyeza kuti zotsatira zolengezedwa zikhoza kutsutsidwa ku khoti, malinga dandaulo laperekedwa m'masiku 21.

Zimene zimasintha pakhomo pa munthu

Chinthu choyamba chimene anthu amayang'ana ndi msonkho wa nyumba wotchedwa council tax, umene unayamba mu 1993. Umafanana pang'ono ndi msonkho wa malo umene makhonsolo a mizinda yathu amatolera, koma kawirikawiri amalipira ndi wokhala m'nyumbamo, ngakhale akhale wa lendi. Nyumba zinaikidwa m'magulu asanu ndi atatu, kuyambira A mpaka H, potengera mtengo wake wa mu 1991, ndipo khonsolo iliyonse imaika mulingo wake chaka ndi chaka. Wokhala yekha amachotseredwa 25 pa 100 aliwonse, ndipo nyumba yokhala ophunzira okhaokha silipira. Wandsworth ndi Westminster akhala kwa nthawi yaitali m'gulu la makhonsolo a msonkho wotsikitsitsa mu England, kotero nyumba ziwiri zofanana, zotalikirana mtunda woyenda wapansi koma zili m'maborough osiyana, zikhoza kulipira mosiyana ndi mapaundi mazana angapo pa chaka.

Komabe ndi bwino kuti tisayembekezere zambiri kwa olamulira atsopano. Gawo lalikulu la bajeti ya khonsolo limathera pa chisamaliro cha okalamba, anthu a ulumali, ana ndi mabanja osowa pokhala, ntchito zimene lamulo silimalola kuzisiya, ndipo thandizo lochokera ku boma linachepetsedwa kwambiri kuyambira 2010. Boma limaikanso malire a kukweza msonkho, moti khonsolo yofuna kuwadutsa iyenera kufunsa anthu pa riferendamu kapena kupeza chilolezo chapadera. Ufulu weniweni wa makhansala uli pa zotsalazo: kuchuluka kwa nyumba zotsika mtengo zimene amakakamiza omanga kuphatikiza, kutseka kapena kutsegula misewu ya m'makwalala kwa magalimoto, kusunga malaibulale ndi malo a achinyamata, ndiponso kuchita ntchito ndi antchito a khonsolo kapena kuzipereka kwa makampani.

Kwa anthu athu ambiri nkhaniyi imafika mpaka pa malipiro. Amalawi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe ochuluka amagwira ntchito yosamalira okalamba, makamaka kuyambira 2022 pamene Britain inatsegula chitupa cholowera m'dzikomo cha ntchito imeneyi, ndipo makampani ambiri amene amawalemba amalandira ndalama zawo kuchokera ku makhonsolo. Mtengo umene khonsolo yavomera kulipira pa ola limodzi la chisamaliro, ndiponso ngati ikukakamiza makampaniwo kulipira nthawi yoyenda kuchoka nyumba ina kupita ina, zimakhudza zimene wantchito amalandira pakutha pa mwezi, ndi zimene amatumiza kumudzi.

Ndani ali ndi ufulu wovota

Pa zisankho za makhonsolo a ku London anthu amene amavota amakhala ochepa, kawirikawiri osafika 40 mwa 100 aliwonse olembetsa, ndipo mu 2022 anangopitirira pang'ono mmodzi mwa atatu. M'wodi imodzi khansala akhoza kupambana ndi mavoti osakwana 2,000, ndipo kusiyana pakati pa wopambana ndi wogonja nthawi zina kumakhala mavoti makumi ochepa, chiwerengero cha anthu a mumpingo umodzi waung'ono.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti munthu safunika kukhala nzika ya Britain kuti avote. Nzika za mayiko a Commonwealth zimene zili ndi chilolezo chokhala m'dzikomo, kaya cha ntchito, cha sukulu kapena chokhazikika, zimaloledwa kulembetsa ndi kuvota. Malawi, Zambia, Mozambique ndi South Africa ali m'gululi, ndipo nzika za Zimbabwe zimaloledwabe ngakhale kuti dzikolo linatuluka mu Commonwealth mu 2003, chifukwa lamulo la Britain la unzika silinalichotse pa mndandanda. Kulembetsa kumachitika pa intaneti kapena ku ofesi ya khonsolo, ndipo munthu akasamuka nyumba ayenera kulembetsanso pa adiresi yatsopano. Kuyambira Meyi 2023 wovota ku England amayenera kuonetsa chiphaso chokhala ndi chithunzi. Pasipoti ya dziko la Commonwealth imalandiridwa, ndipo amene alibe chiphaso choyenera akhoza kupempha chaulere ku khonsolo yake.

Manambala olengezedwa usiku wa chisankho sakhalanso momwemo kwa zaka zinayi zonse. Khansala akamwalira kapena kutula pansi udindo pamachitika chisankho chapadera m'wodi yakeyo, ndipo khansala akhoza kuchoka m'chipani chake n'kulowa china popanda kutaya mpando, chifukwa ku England kulibe lamulo longa gawo 65 la malamulo aakulu a dziko la Malawi, lokhudza aphungu osintha chipani. Ku Croydon chisankho chapadera choyamba chinachitika mu Juni 2022, chifukwa Jason Perry anali atapambananso ukhansala m'wodi ya South Croydon ndipo sakanatha kugwira maudindo onse awiri. M'khonsolo imene zipani ziwiri zikusiyana ndi mpando umodzi, chisankho chapadera chotero chimatsatidwa ndi chidwi chofanana ndi cha chisankho chachikulu.